Galimoto ya alamu yandiphunzitsa kuwerenga mawaya

Ndakhala mu Lusaka kuyambira ndili mtsikana, koma zaka zonsezi sindinkadziwa kuti mawaya odutsa pamwamba pa msewu wakwathu ku Chelstone ndi angati. Masiku ano mukandipeza ndaima pa geti maso ali m'mwamba, musaganize kuti ndikuyang'ana mvula. Ndikuwerenga mawaya. Matenda amenewa anandipatsira ndi alamu anga a ku Woodlands, ndipo anadzera m'galimoto yawo.

Alamuwo, ang'ono awo a bambo a kwathu, anatumizidwa ku Solwezi ndi abwana awo kwa miyezi ingapo. Anati m'malo moti galimoto izingodya fumbi m'galaja, ndiziyendera ine popita kuntchito m'tauni. Ndi Nissan Leaf, yogwirapo kale ntchito ku Japan, yodzera pa doko la Dar es Salaam ngati magalimoto ena ambiri amene timayendera muno. Ilibe thanki ya petulo, ilibe ekisozi. Pansi pa mipando pali batire losunga mayunitsi 40, mayunitsi omwewa amene timagula pa foni n'kulowetsa manambala m'mita. Alamu anaigula atamva kuti msonkho watsika: nduna ya zachuma, a Situmbeko Musokotwane, powerenga bajeti ya 2024 mu September 2023, analengeza kuti achotsa msonkho wa pa malire pa magalimoto, njinga zamoto, mabasi ndi malole amagetsi, pamodzi ndi zida zake zotchajira.

Ndisabise, ndinaikonda tsiku loyamba lomwelo, ndisanafike n'komwe pa Hybrid roundabout. Ukadina batani palibe chimene chimalira. Kumangoyaka timagetsi kutsogolo kwa chiwongolero, basi galimoto yadzuka. Ukaponda imanyamuka pomwepo, osayamba yabuula kaye kufunafuna giya, moti madalaivala a minibasi amene anazolowera kundilowerera pa maloboti ankangoona ndapita. Koma chimene chinanditenga mtima kwenikweni ndi mzere wa m'mawa wa m'Great East Road, uja umakukwawitsa kuchokera pa Munali mpaka pa Kabwe roundabout. Galimoto ya petulo ikaima pa mzere imakhala ikumwabe ndalama zako. Iyi ikaima yaimadi. Ndipo ukachotsa phazi kuti ichepetse liwiro, mota yake imasanduka jenereta n'kubwezera magetsi pang'ono m'batire. Ine ntchito yanga ndi ya maakaunti, ndimaswera tsiku lonse kusakasaka ngwee zosokera m'mabuku a anthu, ndiye kuona mphamvu ikubwerera kumene inachokera kumandimwetulitsa ndekhandekha m'galimoto.

Kutchaja ndiko kunandilowetsa m'kalasi. Alamu anandisiyira chingwe chakuda chokhala ndi kabokosi pakati, pulagi yake ya mano atatu yofanana ndi ya ketulo, n'kunena kuti ndizingolowetsa mu soketi usiku. Zinkathekadi, koma ola lathunthu linkangowonjezera mayunitsi awiri. Usiku wina bambo a kwathu anagwira soketi ya pakhonde ija n'kupeza yatentha moti dzanja silingakhalepo. Iwo sachita nawo zoyesa mwayi ndi moto. Mawa lake anaitana mmisiri wa zamagetsi wa ku Kabwata, bambo wachikulire amene wakhala akulumikiza zigayo ndi mapampu kuyambira nthawi ya a Kaunda.

Asanatsegule n'komwe chikwama cha zida anandifunsa kuti, "Amayi, nyumba ino ndi single phase kapena three phase?"

Ndinati, "Abambo, ine chimene ndimadziwa n'choti malaiti abwera kapena malaiti apita."

Anaseka, n'kunditengera ku geti. Anandilozera polo. Mawaya analipo anayi. Atatu ndi amoto, wachinayi ndi neutral, wobwererako magetsi. Nyumba yathu inatenga waya wamoto mmodzi ndi neutral, ndipo imeneyo ndiyo single phase, ya ma volt 230. Chigayo chimatenga amoto onse atatu, ndipo ukayeza pakati pa amoto awiri alionse umapeza ma volt 400. Mutu wanga wa masamu unakana nthawi yomweyo. Ngati waya aliyense ali ndi 230, awiri bwanji sakupereka 460?

Apa mpamene amisiri anakhala pansi pa njerwa, ndipo ndinadziwa kuti nkhani yakula. Magetsi a m'mawayawa sayenda mbali imodzi. Amakankha, n'kubwerera, n'kukankhanso, maulendo 50 pa sekondi imodzi, ndipo pakati pa kukankha ndi kubwerera pamakhala kamphindi kamene mphamvu imatsika kufika pa ziro. Anandifunsa kwathu. Nditati ku Katete, anati basi ndiye mukuzidziwa kale. Mayi akamasinja yekha, munsi ukakwera m'mwamba chimanga chimapuma. Koma akakhala atatu pa mtondo umodzi, wina akukweza, wina ali pakati, wina akutsitsa, mtondo supuma. Mawaya atatu aja amasinja choncho, aliyense amatsalira mnzake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendo. N'chifukwa chake mota ya chigayo imazungulira mosalala popanda kudukiza, ndiponso n'chifukwa chake 460 sapezeka: pamene waya wina wafika pachimake, mnzake amakhala asanafike kumapeto kwa mbali inayo, ndiye kusiyana kwawo kumathera pa 400.

Usiku umenewo ndinagona mochedwa, ndikuwerenga. Chimene chinandidabwitsa n'choti single phase si mtundu wina wa magetsi ayi. Majenereta a ku Kafue Gorge ndi a ku Kariba North Bank onse amatulutsa three phase. Imayenda pa nsanja zazitsulo zija ndi ma volt 330,000, n'kumatsitsidwa m'masiteshoni mpaka kufika pa thiransifoma ya m'dera mwathu, imene imaitsitsa kuchoka pa 11,000 kufika pa 400. Pofika pa polo m'pamene amagawa: nyumba iyi waya wofiira, yotsatira wachikasu, inayo wabuluu, kuti katundu asalemerere waya mmodzi. Njira ya three phase imeneyi inaonetsedwa koyamba pa mtunda wautali mu 1891 ku Germany, pamene Mikhail Dolivo-Dobrovolsky ndi anzake anatumiza magetsi kuchokera ku Lauffen kukafika ku Frankfurt, makilomita 175. Magetsiwo ankachokera ku madzi a mtsinje wa Neckar, monga athuwa amachokera ku Kafue ndi Zambezi. Siteshoni ya Kafue Gorge Lower, ya ma megawatt 750, imene Pulezidenti Hakainde Hichilema anaitsegulira mu March 2023, ikugwiritsabe ntchito nzeru ya 1891 yomweyo.

Pomwepo ndinapezanso yankho la chinthu chimene chakhala chikundinyong'onya kwa zaka. Pamakhala masiku oti kwathu kuli mdima bii, koma nyumba yoyandikana nayo wailesi yakanema ikulira, ana akuseka. Tinkanong'onezana kuti anthuwo ali ndi wachibale kwinakwake. Ayi ndithu. Ali pa waya wina. Fyuzi ya waya wathu ikapsa pa thiransifoma, wawo amakhala akadali moyo. Ndimachita manyazi pang'ono ndikakumbukira maso amene ndinkawaponyera amayi a m'nyumbamo.

Masamu a kutchaja ndi ofewa kuposa mmene ndinkaopera. Ukachulukitsa ma volt ndi ma amp umapeza mphamvu imene ikulowa. Chingwe cha alamu chimakoka ma amp 10, ndiye 230 kuchulukitsa ka 10 ndi makilowati 2.3, kutanthauza mayunitsi awiri ndi pang'ono pa ola, ena n'kutayikira m'kutentha. Kudzaza batire la mayunitsi 40 mwa njira imeneyi kumadya maola opitirira 18. Bokosi lomangirira pakhoma, lokhala ndi chingwe chakechake chochokera pa bokosi la mabureka, limatha kupereka ma amp 32 pa single phase yomweyo, amene ndi makilowati 7.4. Pa three phase umachulukitsa katatu: ma amp 16 pa waya aliyense amapereka makilowati 11, ma amp 32 amapereka 22. Nditaona 22 mtima unadumpha. Batire lonse m'maola awiri! Ndinayamba kale kuganiza zokalemba kalata yopempha three phase.

Amisiri anangoti, "Amayi, musathamange. Muyambe mwaifunsa galimotoyo." Sindinawamvetse mpaka Loweruka lina ku Kabulonga.

Abwana anga a kuntchito amakhala kumeneko, m'nyumba zija za mayadi aakulu zimene zinamangidwira azungu ndi akuluakulu a boma Lusaka atakhala likulu mu 1935. Yawoyo ili ndi pampu ya m'chitsime, dziwe losambiramo ndi makina oziziritsa m'zipinda, ndiye three phase anali nayo kale galimoto yamagetsi isanabwere. Amayendetsa BMW iX3 yochokera ku South Africa, ya batire lalikulu pafupifupi kawiri kuposa la Leaf, ndipo pakhoma la galaja pali bokosi loyera lolembedwa 11 kW. Tinali ndi msonkhano wokonzekera kitchen party ya mwana wa mnzathu, ndipo amene anakhalapo pa misonkhano imeneyi akudziwa kuti nkhani ya mtundu wa chitenje yokha imadya ola. Abwana anati, "Lowetsani yanuyo, mukamatuluka mupeza yakhuta." M'buti munali chingwe china cha alamu cholumikizira mabokosi otere. Ndinalowetsa, n'kulowa m'nyumba monyadira.

Patatha maola atatu ndinapeza batire lakwera ndi mayunitsi pafupifupi 10 okha, m'malo mwa 30 amene ndinkayembekezera. Ndinaimbira amisiri ndili pomwepo.

"Abambo, kodi bokosi la abwana lawonongeka?"

"Silinawonongeke, amayi. Tsegulani kachitseko ka kumphuno kwa galimoto yanuyo, muyang'ane kakamwa kakang'onoko. Muli mano angati?"

Munali asanu. Pa BMW, mbali yolandirira magetsi a m'nyumba inali ndi asanu ndi awiri. Pulagi ya Leaf ya ku Japan imatchedwa Type 1, ndipo ili ndi malo a waya wamoto mmodzi yekha. Ya BMW ndi Type 2, ya ku Ulaya: atatu amoto, neutral, earth, ndi tiwiri tating'ono timene galimoto ndi bokosi zimalankhulirana. Japan ndi America, kumene Type 1 inakhazikika, ndi maiko amene nyumba za anthu wamba sizilandira three phase kawirikawiri. Ku Germany, kumene Type 2 inapangidwa, three phase imalowa pafupifupi m'nyumba iliyonse. Galimoto imabwera ndi makhalidwe a kwawo.

Ndiye pali chinsinsi chimene ndikanakonda wogulitsa galimoto aliyense akanamachinena poyamba: bokosi la pakhoma, ngakhale tonse timalitchula tchaja, si tchaja. Ntchito yake ndi kuuza galimoto kuchuluka kwa ma amp amene ingakoke, kutsegula magetsi zonse zikakhala bwino, ndi kuwadula pakachitika vuto. Batire silisunga magetsi okankha n'kubwerera aja, limafuna oyenda mbali imodzi, ndipo makina owasandutsa ali m'kati mwa galimoto momwemo. Makina amenewo ndiwo amalamula liwiro. Leaf zina zili ndi a makilowati atatu ndi pang'ono, zina a 6.6, ndipo onsewo ndi a single phase. Ya alamu ndi ya 6.6. Bokosi la abwana limapereka makilowati 11 powagawa patatu, 3.7 pa waya aliyense. Leaf inkamwa pa waya mmodzi, awiri enawo ali chikhalire.

Taganizani bwino pamenepa, chifukwa ine ndinaseka mpaka abwana anatuluka kudzaona. Bokosi la single phase la ma amp 32 m'kanyumba kathu ka ku Chelstone lingatchaje galimoto imeneyi mofulumira pafupifupi kawiri kuposa bokosi la three phase la ku Kabulonga. Kwathu ingalandire 6.6 yonse n'kudzaza m'maola 7 kapena kupitirira pang'ono. Ngakhale abwana akanakhala ndi bokosi la makilowati 22, Leaf ikanangotenga 6.6 yake yomweyo. Pamene BMW ija itabwera kwathu ingalandire 7.4, osati 11. Magalimoto otha kumwa 22 yonse ndi ochepa, odziwika kwambiri ndi Renault Zoe. Tesla Model 3 imathera pa 11, ndipo ambiri opangidwira msika wa ku China amathera cha pa 7, pa single phase. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Munthu angathe kulipira ndalama zambiri kukokera three phase m'nyumba, galimoto yake ilibe pakamwa poilandirira.

Pambali pa kakamwa kakang'ono kaja, Leaf ili ndi kamwa lina lalikulu lotchedwa CHAdeMO. Limenelo ndi la makina aakulu amene amasandutsa okha magetsi n'kuwathira m'batire mwachindunji, mpaka makilowati 50, moti pasanathe ola batire limafika pa 80 peresenti. Makina otere amafunadi three phase yamphamvu, koma ndi a pa malo a malonda, si a pakhomo. Komanso batire la Leaf silizizilitsidwa ndi madzi monga la magalimoto ena, ndiye kulithira moto wochuluka chonchi pafupipafupi m'kutentha kwa October sikulikomera.

Zimene ndinawerenga zambiri zinalembedwa ndi anthu a ku Ulaya, ndipo onse amamaliza mofanana: musadandaule za liwiro, galimoto imagona pa chingwe usiku wonse. Usiku wonse! Olemba amenewa sanakhale mu Lusaka mu 2024. Magetsi athu opitirira 80 peresenti ankachokera ku madzi, ndipo chaka chimenecho mvula inakana. Pa 29 February a Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi ngozi yagwera dziko lonse. Mu March kampani ya magetsi ya ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku, maolawo n'kumakwera mpaka pofika September madera ambiri ankangolandira magetsi maola atatu pa tsiku. Ku Kariba North Bank, siteshoni ya ma megawatt 1,080, kunafika potsala makina amodzi okha ozungulira mwa asanu ndi amodzi. Mvula ikhoza kugwa bwino zaka zingapo, koma amene tinadzuka pakati pa usiku kukasita zovala za ana chifukwa malaiti abwera, sitingagule galimoto yamagetsi osawerengera chaka ngati chimenecho.

Choncho funso lathu kuno n'losiyana ndi la anzathu akunja. Ife timafunsa kuti: magetsi akabwera maola atatu okha, ndikolola makilomita angati? Leaf imayenda makilomita pafupifupi 6 pa yunitsi imodzi m'tauni. Ulendo wanga wochokera ku Chelstone kukafika cha ku Cairo Road ndi kubwerera ndi makilomita pafupifupi 30, mayunitsi asanu. Soketi wamba m'maola atatu imapereka mayunitsi 6 kapena kupitirira pang'ono. Ndikwanitsa kupita kuntchito ndi kubwerako, koma kukachitika maliro ku Chongwe ndiye kuti ndikwera basi. Bokosi la ma amp 32 m'maola atatu omwewo limathira mayunitsi pafupifupi 18, makilomita opitirira 100, chakudya cha masiku atatu. BMW ya abwana pa three phase ingakolole mayunitsi pafupifupi 30. Kulumpha kwakukulu, kumene kumasintha moyo wa munthu, kuli pakati pa soketi ndi bokosi la single phase. Kuchoka apo kupita pa three phase n'kowonjezera chabe, kokomera amene ali ndi batire lalikulu ndi maulendo aatali.

Komabe three phase ili ndi ubwino wina umene sindinauganizire, ndipo amisiri anandionetsa pa bokosi lathu la mabureka. Main switch ya kwathu yalembedwa 60A. Imeneyo ndiyo mphamvu yonse ya nyumba, makilowati pafupifupi 14. Galimoto yokha ikhoza kutenga pafupifupi theka. Tsono kumbukirani zimene zimachitika malaiti akangobwera: giza ayatsidwa, sitovu mbale zonse, uvuni, ketulo, ayironi, furiji ikuyesetsa kubwezeretsa kuzizira. Giza wa makilowati atatu yekha amakoka ma amp 13. Wonjezerani galimoto, main switch yagwa. Ndipo si nyumba imodzi, msewu wonse umachita chimodzimodzi pa mphindi yomweyo, mababu n'kuyamba kufiira chifukwa ma volt atsika. M'nyumba ya three phase mmisiri amatha kuika galimoto pa waya wake, sitovu pa wina, giza ndi masoketi pa wachitatu, aliyense osapondana ndi mnzake. Ngakhale mwini Leaf angapindule nazo zimenezo. Thiransifoma nayonso imakondwa ndi galimoto yokoka ma amp 16 pa mawaya atatu kuposa yokoka 32 pa mmodzi.

Mtengo wake ndiwo umabweza anthu. Pamafunika kupempha ku ZESCO, mita yatsopano, chingwe cha mawaya anayi kuchokera pa polo, ndi kumasula bokosi lonse la mabureka kuti katundu agawidwe bwino. Wa lendi ayambe wagwada kwa eni nyumba. Ndipo waya mmodzi akazima awiri n'kutsala, mota ya three phase yopanda chotetezera, monga ya pampu, ikhoza kupsa. Pamene vuto la main switch lili ndi mankhwala otsika mtengo: mabokosi ambiri amalola kutsitsa ma amp, ena ali ndi kachipangizo komangirira pa waya wolowa m'nyumba, kamene kamachepetsa chakudya cha galimoto sitovu ikayaka n'kuchibwezera ikazima. Leaf nayo ili ndi wotchi yake, ungaiuze kuti iyambe kumwa anthu atagona.

Ku Woodlands kwa alamu nkhani imatembenukanso. Iwo, monga anthu ambiri a kumayadi, anakwezera masola padenga mu 2024. Inverter yawo ndi ya makilowati 5, batire la m'nyumba la mayunitsi 5. La galimoto ndi lalikulu ka 8 kuposa limenelo, ndiye kutchaja galimoto usiku ndi batire la m'nyumba n'kugonetsa banja mumdima popanda phindu. Nzeru ndi kutchaja masana, dzuwa lili pamutu, pang'onopang'ono. Apa single phase imapambana poyera. Galimoto siingatchajidwe ndi ma amp ochepera 6. Pa waya mmodzi amenewo ndi makilowati 1.4, amene denga laling'ono lingapereke uku furiji ikuyenda. Pa mawaya atatu, 6 yemweyo amakhala makilowati opitirira 4, denga lonse la alamu kuthera m'galimoto. Dzuwa la Lusaka, makamaka kuyambira May mpaka October, silinama, ndipo Loweruka lonse pa makilowati awiri kapena atatu limadzaza mayunitsi okwana ulendo wa masiku angapo.

Monga munthu wa maakaunti ndiyenera kunenako za mita. Mitengo ya magetsi a m'nyumba, imene imavomerezedwa ndi Energy Regulation Board, imakwera m'magawo: mayunitsi oyambirira a mwezi ndi otsika mtengo, ukamapitirira yunitsi iliyonse imadula. Galimoto yoyenda ngati yangayi imawonjezera mayunitsi 150 kapena 200 pa mwezi, ndipo amenewo amagwera pamwamba pa amene nyumba imadya kale, kutanthauza kuti umawagula pa mtengo wa gawo lapamwamba. Musawerengere ndi mtengo wa mayunitsi oyamba, mudzinamiza. Ngakhale zili choncho, m'buku langa ndalama ya mayunitsi a galimoto sinayandikirepo imene ndinkasiya pomwetsera petulo. Ndipo mita siisamala kuti yunitsi yalowa pa waya mmodzi kapena atatu.

Tinasankha single phase. Amisiri anakoka chingwe chonenepa chakechake kuchokera pa bokosi la mabureka kufika pakhonde, chosagawana ndi chinthu china chilichonse. Anaika bureka yake, chodulira magetsi akathawira pansi, ndi chotetezera ku mphezi komanso ku magetsi obwera mwaukali pambuyo pozima. Anakumba kuona chitsulo cha earth, n'kupeza chadyedwa ndi dzimbiri, n'kukhoma china. Soketi yotentha ija anaimasula n'kundionetsa m'kati: waya anali wosamangitsa, pulasitiki yayamba kuda. Ketulo imakoka magetsi mphindi zitatu n'kuzima, ndiye soketi yotopa imapirira. Galimoto imakoka maola ndi maola osapuma. Anandiletsanso mwamphamvu kugwiritsa ntchito ma extension otchipa aja ogulitsidwa m'mbali mwa msewu, ndipo anandichenjeza kuti zingwe zimene zimabwera m'buti kuchokera ku Japan zinapangidwira magetsi ndi mapulagi a kumeneko, a ma volt 100 kapena 200, choncho munthu asamangodula pulagi n'kumangirira ina mmisiri asanaone.

Nditawaperekeza kwawo ku Kabwata, tinadutsa m'Burma Road pafupi ndi Cultural Village, n'kukhotera ku mafulati. Anandilozera magalimoto ondandana panja, ena kumalo olipira kumene amagona usiku moyang'aniridwa ndi alonda.

"Awa onsewa, amayi, atchajira kuti? Wa pa nsanjika yachitatu aponye chingwe pa windo?"

Ndinalibe yankho. Kwa munthu wa pa fulati, kapena wa lendi m'nyumba ya kuseri kwa yadi, mkangano wa waya mmodzi ndi atatu ndi wa anthu ena. Iye alibe khoma loti n'kumangapo bokosi. Ndipo anthu oterewa ndiwo ambiri mu Lusaka, ndiwonso amene petulo amawapweteka kwambiri. Dziko lathu limakumba kopa amene amadzaza magalimoto amenewa, popeza imodzi imadya kopa wochuluka katatu kapena kuposa apo poyerekeza ndi ya petulo, ndipo mu April 2022 Zambia ndi DR Congo zinasainirana muno mu Lusaka mgwirizano wofuna kupanga mabatire. Zingakhale zomvetsa chisoni galimoto yamagetsi itathera kumayadi kokha chifukwa cha kusowa kwa soketi.

Alamu akubwerera posachedwa ndipo galimoto adzaitenga. Bokosi lidzatsala pakhoma, ndipo ine ndayamba kale kusunga ndalama, bambo a kwathu akudziwa. Kwa inu amene mukuganiza zogula, musanafunse mtengo wa three phase funsani wogulitsa kuti tchaja ya m'kati mwa galimotoyo ndi ya makilowati angati, ndiponso ngati imalandira mawaya atatu. Ngati ndi Leaf ya ku Japan kapena ina yothera pa 7, bokosi la single phase la ma amp 32, lomangidwa ndi mmisiri wa mapepala, likukwanirani. Ngati three phase ili kale pakhomo panu ndipo galimoto yanu imailandira, igwiritseni ntchito.

Pempho langa lalikulu likupita kwa eni nyumba za maofesi a m'Cairo Road, eni mashopu aakulu ndi eni malo ogonekapo magalimoto ku Kabwata ndi kwina. Ambiri a inu three phase muli nayo kale, imayendetsa zikepe ndi mafuriji anu. Magalimoto a antchito anu ndi a makasitomala anu amaima pamenepo maola 8 masana, kapena usiku wonse. Chingwe chimodzi cha three phase cha ma amp 32 chingadyetse Leaf zitatu nthawi imodzi, iliyonse pa waya wake. Ikani mabokosi, ikani mita, tiuzeni mtengo wa yunitsi, tidzalipira.